Tipoti ya Aphunzitsi Zulu

Ana anga, ndikudziwa kuti za Lamlungu lapitali zidakali pamitima panu. Munandiona ndikulanda botolo m'manja mwa mlongo wanga, azakhali anu a Esinati, pamaso pa alendo, ndi kulikhuthulira pansi pa mpapaya. Tiyike, mdzukulu wanga wodwala matumboyo, analira. Iwe Yosefe, bambo ake, unandiuza kuti ndachititsa manyazi banja ndipo ndakalamba moipa. Sindinakuyankhe chifukwa pakamwa panga sipatha nkhani zazitali. Mutu uno ndinafuna kuulumpha m'buku la moyo wanga, koma tsopano ndaona kuti ndiulembe.

1965

Ndinalowa ntchito m'khitchini ya chipatala china cha muno m'tauni, nthawi imene Kabwe ankamutchulabe dzina lachizungu lija. Dzina la chipatalacho sindilemba, pakuti cholakwa chimene ndifotokoze ndi changa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, wosatha ngakhale kulemba dzina langa. Atate anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito mu mgodi, ine ndinabadwira m'komboni, ndipo sukulu ndinangoionera pamsewu. Ntchito yanga inali kukwecha mapoto ndi kuwaza nkhuni. Mkulu wa ophika anali mdala Lupiya, wa mtundu wa Alenje, munthu wosaseka. Iyenso sankawerenga, choncho anali ndi njira yakeyake. Thireyi ya wodwala aliyense wa chakudya chapadera ankaidontheza penti wofiira pangodya. Thireyi yotere ankaikhudza ndi wophika wake yekha, ankainyamula yekha mpaka pa bedi, ndipo manesi sankaivundukula. Tsiku loyamba mdala uja anandigwira khutu nandiuza m'Chibemba kuti nyemba zikapserera ndi mlandu wa mbama, koma thireyi yofiira ikalakwika ndi mlandu wa bokosi la maliro.

Patapita zaka zinayi atate anamwalira ndi chifuwa. Ku Ntcheu sikunabwere munthu. Amene anagwira maliro anali anthu a ku Petauke amene tinkakhala nawo moyandikana. Mmodzi wa iwo, a Lungu, anakumba manda pa nthaka yamiyala kuyambira m'mawa mpaka manja ake anatuluka matuza, ndipo akazi awo a Belita anagona pamaliro masiku onse akuphikira anthu. Dzina la mayi ameneyu mulisunge.

1971

Ndinayamba sukulu ya akulu ku tchalitchi ndili ndi zaka makumi atatu. Ndinkakhala pa kabenchi ka ana, mawondo ali m'chibwano, ndipo ku ntchito ndinkayeserera kuwerenga zolembedwa pa matumba a ufa ndi zitini za mafuta. Amene anandikakamiza anali ba Sisita Mwape, nesi wamkulu wa wodi ya amuna. Iwo anali Mbemba, ndiye pakati pa ife panali chimbuya, chibale chonyozana moseka, ndipo ankandiitana kuti mbuya. Akalowa m'khitchini ankafunsa ngati mbewa zanga zapsa, ine n'kuwayankha kuti mphika wa anyani ndawasungira kuseri. Koma pa ntchito sankaseka ndi munthu. Mdala Lupiya atapuma, iwo ndiwo anauza akuluakulu kuti Phiri tsopano amawerenga khadi la dotolo, apatsidwe khitchini yaing'ono, kumene tinkaphikira odwala shuga, a impso ndi a m'mimba. Mathireyi ofiira onse anakhala anga. Pamodzi ndi udindowo anandipatsa nyumba ya ntchito ya zipinda ziwiri, ya mpopi pakhomo. Anayi mwa inu munabadwira mmenemo.

Mudziwenso mmene zinthu zinalili. Dziko litakhala la chipani chimodzi, khadi la chipani linkafunsidwa pa msika ndi pokwera basi, ndipo ife a makolo ochokera ku Malawi tinkayenda mosamala. Chitupa changa chinali chabwinobwino, koma m'khitchini yaikulu munali ena amene ankafuna malo anga, ndipo ndikamadutsa ndinkamva mawu akuti Munyasalande. Ndinkadziwa kuti ndikangoterereka kamodzi, palibe amene adzandigwire. Ntchito ikatha, nyumba inkatha mwezi womwewo.

1978

Chimenechi chinali chaka cha mizere. Mafuta ophikira, sopo, shuga, zonse zinkasowa, ndipo ufa woyera unkatha masabata osaoneka. M'sitolo yathu munkabwera mgaiwa wokhawokha. M'nyengo yozizira anagoneka pa bedi ya pakona Aphunzitsi Zulu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina cha ku Mpima. Anali munthu wa zaka ngati zanga, wamtali, wolankhula motsitsa mawu. Atandiona ndikuwerenga khadi lawo mogwedeza milomo sanandiseke. Anangondifunsa kuti ndinaphunzira liti, ndipo nditawauza anati amene waphunzira mochedwa saiwala. Ndinazindikira pambuyo pake kuti anali mlongo wawo wamng'ono wa a Belita.

Anabwera akutsegula m'mimba magazi ndi mafina, kakhumi kapena kuposa pa tsiku, maso atayera ngati pepala. Tonse tinkati ndi kamwazi. Koma dotolo, Mmwenye wachikulire amene ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka, ananditengera yekha pambali kuti andifotokozere. Anati si kamwazi wa tizilombo ayi. Matumbo a munthuyu amatupa okha ndi kuchita zilonda mkati, matendawa amagona ndi kudzuka, ndipo mankhwala amangowagoneka. Anati chakudya sichichiza nthendayi, koma ikadzuka chakudya chokhakhala chimakhala ngati mchenga pa bala. Pa khadi analemba phala la ufa wosalala, mpunga wofewa kwambiri, dzira lophika, nsomba yophika yopanda mafuta, mbatatesi yosenda ndi nthochi yakupsa, pang'onopang'ono kasanu pa tsiku. M'munsi, ndi inki yofiira, analetsa nyemba, masamba, nsinjiro, mkaka, tsabola, chakumwa chilichonse chosasa, ndi chilichonse chochokera kunyumba. Manesi ankawapatsa mapiritsi a matendawo, ena owonjezera magazi, ndi mavitamini, chifukwa thupi linkataya zambiri kuposa zimene linkalandira.

Khadi limenelo ndinaliwerenga ndi maso anga, mzere uliwonse. Ndikanakhala Phiri wa 1965 bwenzi ndili ndi pothawira.

Ndinawagwirira ntchito ndi mtima wonse. Popeza ufa woyera kunalibe, ndinkasefa mgaiwa kawiri, koyamba ndi sefa, kachiwiri ndi nsalu yopyapyala imene amayi anu anadula pa katani. Mazira ndinkawabisa m'chitini cholembedwa kuti mchere kuti a khitchini yaikulu asawaone. Patatha masabata atatu maulendo a kuchimbudzi anatsika kufika pa anayi, magazi anachepa, ndipo ba Sisita anandiuza kuti mbuya wagwira ntchito. Koma Aphunzitsi anali ataonda mpaka wotchi inkatsetsereka kufika pachigongono. Mapiritsi a magazi ankawachititsa nseru. Masana anzawo akamadya nshima ndi nyemba, iwo ankatembenukira kukhoma.

Tsiku lina Lachiwiri ndikutaya makoko kuseri kwa khitchini ndinapeza a Belita atakhala pa mwala, dengu lili pamiyendo. Anali atabwezedwa kale kawiri pa khomo la wodi ndi chakudya chawo. Ndinagwada kuwapatsa moni monga mwana. Anafunsa za ana mmodzimmodzi ndi maina awo, kenaka anavundukula dengu. Munali kambale ka nyemba, chibwabwa chotendera, ndi botolo la munkoyo, chakumwa chonga thobwa, wamtundu woderapo. Anati mwathiridwa timizu ta kwa sing'anga wa ku Makululu totsuka m'mimba, chifukwa zoipa zikapanda kutuluka munthu sachira. Ndinawauza za khadi. Ndinawauza za mchenga pa bala. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

"Mwamuna mkulu kudya phala monga kamwana, ndiye mankhwala yamene ayo?" anatero. "Muzamupaya na njala m'bale wanga. Ise sitinafunse khadi pamene atate anu anagona pa mphasa. A Lungu mpaka lelo chala chao sichipindika."

Sanakweze mawu. Anaika dengu pamapazi anga nanyamuka.

Ana anga, sindinama kuti ndinakakamizidwa kokha. Mumtima mwanga inenso ndinali ndi mbali imene inkagwirizana nawo. Ndinakula ndikuona amayi akutipatsa mizu yotsuka m'mimba, ndipo tinkachira. Kuonda kwa Aphunzitsi ndinkakuona tsiku ndi tsiku. Ndinadziuza kuti pang'ono sipangaphe munthu. Nyemba ndinazipota ndi kuziika pansi pa mpunga, chibwabwa pansi pa mbatatesi, ndipo munkoyo ndinauthira mu tipoti yachitsulo imene ndinkawatengeramo tiyi wopanda mkaka. Thireyi inali ya kadontho kofiira. Ndinadutsa nayo pamaso pa manesi atatu, palibe amene anaiyang'ana. Aphunzitsi atathira m'kapu ananunkhiza, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamwa wonse. Anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala. Ndinachita zimenezi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi.

Lachisanu m'mawa nditafika ndi phala ndinapeza bedi ya pakona itatchingidwa ndi nsalu. Wantchito wa mu wodi anatuluka ndi mashiti atawapinda kuti anthu asaone, koma magazi anali atadutsa. Ndinasuzumira. Aphunzitsi anali pa diripi, thupi likutentha, mimba itatupa ngati ng'oma. Ndinaika thireyi pa kabati ndi kubwerera kukhitchini.

Cha m'ma teni koloko dotolo analowa m'khitchini yaing'ono ali ndi ba Sisita. Pa zaka zonsezo anali asanapondemo. Anatseka chitseko. Analankhula pang'onopang'ono kuti ndimve, ba Sisita akuthandizira. Anati munthuyu anali kuchira, ndiye pali zinthu ziwiri. Ngati wadya kapena kumwa chinthu chimene sichili pa khadi, makamaka mankhwala achikuda otsegula m'mimba, ndiye kuti mankhwala athu akugwirabe ntchito, ndipo adikira tsiku limodzi kapena awiri ndi diripi kuti aone ngati matumbo akhazikika. Koma ngati sanadye china chilichonse, ndiye kuti mankhwala alephera, ndipo ayenera kumutumiza ku Lusaka lero lomwe kuti akadule matumbo, ngakhale kuti munthu wochepa magazi chotere mpeni ukhoza kumutenga. Anati wodwalayo wafunsidwa ndipo wati sanadye kanthu kena. Anati sakufuna kulanga munthu, akungofuna kudziwa.

Ndinali nditagwira nsalu yosefera ufa. Tipoti inali pa shelefu kumbuyo kwa mutu wa dotolo, yosatsuka bwino. Ndinaganiza za kalata yochotsedwa ntchito yonena kuti ndinapatsa wodwala mizu. Ndinaganiza za katundu wathu ali panja pa nyumba ija, amayi anu ali ndi pakati pa iwe Yosefe, ndi a khitchini yaikulu akunena kuti tinanena ife za Munyasalande. Ndinaganizanso za a Belita atatengedwa ndi apolisi chifukwa cha pakamwa panga. Za Aphunzitsi ndinaganiza pomalizira.

Ndinayankha kuti thireyi yanga inali monga mwa khadi.

Ba Sisita anabwera pafupi. "Ba Phiri, ganizani bwino. Palibe kalikonse?"

"Palibe, ba Sisita."

"Mbuya," anatero motsitsa mawu, "nikufunsa ine manje, osati ba dokota."

"Palibe."

Dotolo anagwedeza mutu, nandithokoza chifukwa cha phala losefa bwino, natuluka kukalemba kalata ya ku Lusaka.

Ambulansi inanyamuka dzuwa lili pamutu. Ndinaima pa khonde pamene ankawadutsitsa Aphunzitsi pa machira. Anakweza dzanja pang'ono kuti onyamulawo aime, ndipo ndinawerama. Milomo yawo inali youma. "Sininakambe," anatero. "Muli na bana." Ndinali ndi mpata ngakhale pamenepo. Dotolo anali pa khomo la wodi, mtunda wosakwana masitepe khumi. Ndinangowakonzera bulangeti kumapazi.

Anawachita opaleshoni tsiku lotsatira, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi. Maliro anachitikira kuno kwa a Lungu. Ndinafuna kukhala kumbuyo, koma a Belita anandiona, nandigwira dzanja kunditengera pakati pa anthu. Anauza onse kuti chipatala chinapha m'bale wawo ndi njala ndi mpeni, ndipo munthu mmodzi yekha, mwana wa Phiri uyu, ndiye anamumvera chisoni. Sanatchule zimene ndinachita, koma amayi onse anandiombera m'manja mwaulemu. Anandipatsa mpando pamodzi ndi akuluakulu ndi mbale yoyamba ya chakudya. Ndinadya.

1990

Ntchito ndinapitiriza. Anandikweza kukhala mkulu wa makhitchini onse awiri, ndipo lamulo loyamba limene ndinaika linali lakuti thireyi yofiira izivundukulidwa ndi nesi pa khomo la wodi, ngakhale yanga. Ophika anadandaula kuti sindiwakhulupirira. Sindinawafotokozere.

Ba Sisita Mwape atatsala sabata imodzi kuti apume ntchito, ndinawapeza okha m'kaofesi kawo akulongedza mabuku. Ndinakhala pansi osauzidwa, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pa dengu. Sanasiye kulongedza. Nditatha anati anadziwa tsiku lomwelo. Dotolo atatuluka, ine nditapita kukataya madzi, iwo anatsitsa tipoti pa shelefu nainunkhiza. Ndinawafunsa chifukwa chake sanakanene. Anati anafika mpaka pa chitseko cha dotolo, koma anakumbukira kuti ndiwo anandiika pa ntchitoyo, ndiponso anali ataona amayi anu ku sikelo ndi mimba. Anati anadziuza kuti mimba itatupa chotere, mwina dotolo akanawatumizabe ku Lusaka ngakhale akanadziwa. Ndinafunsa ngati zimenezo n'zoona. Anati, "Sitizaziba, mbuya. Wamene akanatiuza tinamunamiza tonse babili." Tsiku limenelo sitinatchulane za mbewa kapena anyani.

Ndinapuma ntchito patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Chikalata chondiyamikira chimene chili pakhoma pabalaza munachipachika ndinu. Ine ndinachisiya m'sutikesi.

Tsopano

Tiyike atayamba kutaya magazi chaka chatha, ndipo adotolo atatchula kutupa kwa matumbo, ndinatuluka panja kukakhala pa njerwa. Munkaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinamva.

Madotolo a masiku ano amadziwa zambiri kuposa Mmwenye uja. Dotolo wa Tiyike, mtsikana wamng'ono, anandiuza kuti chakudya sichiyambitsa nthendayi, kuti chimene chimavuta wodwala mmodzi sichivuta wina, ndipo matenda akagona mwanayo azibwezeredwa zakudya chimodzichimodzi kuti asaonde, ngakhale nyemba zimene, ngati thupi lizilola. N'chifukwa chake ndinagula kabuku kaja kamene ndimalembamo chilichonse chimene wadya ndi mmene mimba yayankhira. Mkaka tinaupeza kuti umamuvuta, mazira ndi mpunga ayi. Mapiritsi a magazi amadana nawo ngati mmene Aphunzitsi ankadanirana nawo, koma tinakanena ndipo anamusinthira ena. Mumandiseka kuti ndasandutsa nyumba chipatala, ndipo ndimasefabe ufa wake kawiri ngakhale ufa woyera uli m'sitolo iliyonse. Sekani.

Esinati sindimuda. Amakonda mwanayo monga a Belita ankakondera mlongo wawo, ndipo anayenda wapansi mpaka ku Makululu kukatenga botolo lija. Ndidzapita kukamupepesa chifukwa cha alendo aja. Koma pali china chimene mukuganiza kuti sindikudziwa. Pamene ndinkalanda botolo linali litatsika kale ndi zala ziwiri, ndipo kapu inali kuseri kwa mpando. Kuyambira Lolemba Tiyike wapita kuchimbudzi kasanu ndi kawiri pa tsiku. Dzulo ndinakumva iwe Yosefe ukuuza mkazi wako kukhitchini kuti Lachinayi ku chipatala musakatchule za mizu, chifukwa adotolo akakukalipirani ndipo azakhali achita manyazi.

M'kabuku ndalembamo kale, pa tsamba la Lamlungu: munkoyo wa mizu, kapu imodzi. Lachinayi ndivala jekete langa ndipo ndikwera nanu minibasi. Dotolo akafunsa ngati mwanayo wamwa china chilichonse, mukhoza kuyang'ana pansi ngati mukufuna. Ndiyankha ine.